Wokankha Machira

Kunyumba onse ankamutchula kuti Achipatala, ndipo iye sankakana. M'mawa ankanyamuka atamanga tayi, nsapato zili phuliphuli, koma akangolowa pakhomo la kuseri kwa chipatala ankavula zonsezo n'kuvala ovolosi yobiriwira. Ntchito yake inali yokankha machira, kuchotsa odwala ku wodi kupita nawo kojambula kapena ku opaleshoni. Ntchito yabwinobwino, koma mkuluyu pakamwa pankamuyabwa. Mukamumva akusimba pagulu la abale, mumayesa madokotala sang'amba munthu asanamufunse iyeyo.

Zinamuthina pamene mwana wa mlongo wake anafunsira malo pasukulu ya udokotala ya kunja. Mtsikanayo anali atakhoza bwino masamu ndi sayansi, mayeso a chilankhulo cha kumeneko anapambananso. Chinatsala chinthu chimodzi: sukuluyo sinkalandira wochokera dziko lina asanakhale mwezi wathunthu akutsatira dokotala pantchito, kuonerera mmene amathandizira odwala, dokotalayo n'kumuchitira umboni. Malo a alendo anali ochepa, ndipo nthawi yofunsira inali pafupi kutha.

Mlongo wake sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Anauza mwanayo kuti ena amavutika chifukwa alibe wodziwana naye, koma iye ali ndi amalume ake omwe amamwa tiyi ndi madokotala. Achipatala anangoti imeneyo ndi nkhani yaing'ono, thukuta likuyenderera kumsana.

Anazengereza mpaka zifukwa zinamuthera. Tsiku lina mtsikanayo anangotulukira yekha kuchipatala atavala bulauzi yosita bwino, n'kupeza amalume ake m'khonde, ali mu ovolosi, akukankha machira omwe tayala lake limodzi linkalira ngati mbewa. Anayang'ana ovolosiyo, anayang'ana magolovesi, kenako anawapatsa moni mwaulemu ngati sanaone kanthu. Ulemu umenewo ndi umene unamupweteka mkuluyo. Bola akanamuseka.

Kuthawa kunalibe. Anamutsogolera ku ofesi ya dokotala wamkulu wa wodi ya amayi, munthu yemwe kwa zaka zambiri ankamuitana kuti "iwe wa machira". Anagogoda ndi chala chimodzi. Dokotalayo anadzutsa mutu n'kufunsa ngati wodwala wa pabedi la pakona wapita naye kale kojambula. Achipatala anayankha kuti akupita naye pompano, koma pali mwana amene ali ndi pempho.

Mtsikanayo anafotokoza yekha, momveka bwino, osanjenjemera. Dokotala anayamba kumvetsera ndi chidwi, anamufunsa za maphunziro ake, mpaka anamwetulira. Anati amalandira ophunzira otere, koma amadana ndi ogwira ntchito amene amamubweretsera abale awo ngati chipatala ndi munda wa banja. Kenako analoza mkuluyo ndi cholembera.

"Nanga uyu ndi ndani wako?"

Achipatala sanadikire kuti mwanayo atsegule pakamwa.

"Sindikumudziwa, adokotala. Ndangomupeza pageti akusochera."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo anachita nawo manyazi kuposa mabodza onse amene ananenapo. Komabe pansi pa mtima ankayembekezera kuti mtsikanayo amutsutsa, anene kuti awa ndi amalume anga, zivute zitani. Mtsikanayo anayang'ana pansi, makutu ali tcheru kwa dokotala. Dokotala anamuuza kuti ayambe Lolemba.

Atatuluka, anayenda limodzi m'khondemo osayang'anana. Mkuluyo anafuna kunena kuti wanama pofuna kumuthandiza, ndiponso kuti asawauze amayi ake. M'malo mwake anangogwira machira ake. Pomwepo dokotala anasuzumira pakhomo n'kuuza mtsikanayo kuti amuthokoze wamachirayo, popeza si onse amalondolera alendo.

Mtsikanayo anatembenuka, misozi ikulengeza m'maso, napinda maondo pang'ono.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero.