Nsanamira Yoikapo Maso

Pangodya ya bwalo lathabwa pali nsanamira ya mkungudza, yoima njii, yodetsedwa ndi mvula za zaka zambiri. Eni ake ku Japan amaitcha metsukebashira, nsanamira yoikapo maso. Oonerera amaidandaula kuti imawatchinga, koma wovina sangayende popanda iyo. Akavala chigoba cha sewero lakale lovina lotchedwa No, dziko lonse limatsala timabowo tiwiri tochepa ngati njere za mapira. Saona mapazi ake, saona pamene thabwa lathera. Amangoona nsanamira, ndipo nsanamirayo imamuuza kuti apa ndi pamphepete, ukapitirira ugwa.

A Sadakichi, wovina wa pabwaloli, anakula akuiyang'ana. Anaiyang'ana dzuwa likuswa mtengo, anaiyang'ana mphepo ikuulutsa fumbi la pakachisi, anaiyang'ana tsitsi lili bii mpaka lero lili mbuu. Koma chaka chino maso awo achita ng'ala. Nkhungu inalowa mwakachetechete ngati mlendo wozolowera pakhomo, ndipo iwo sanauze munthu. Nkhalamba imeneyi ndi yaliuma, ingalole kugwa pamaso pa mudzi wonse kusiyana ndi kunena kuti sindikuona.

Tsiku la chikondwerero mvula inawaza m'mawa, kenako kunayera. Anthu anakhala pamphasa zonyowa, ana pamiyendo. M'chipinda chovalira a Sadakichi anaweramira chigoba monga mwa mwambo. Ndi nkhope ya mtsikana yosema pamtengo, imene ukaikweza pang'ono imamwetulira, ukaiweramitsa imalira. Mwana wawo Noboru, nayenso bambo wa imvi zake, anawamanga zingwe kunkhongo. Iyeyu ndiye koken, munthu amene amakhala duu kumbuyo kwa bwalo, kukonza chovala chikakhota, kutola chokupizira chikagwa, ndipo wovina akalephera amalowa m'malo mwake kuti sewero lisaime. Anawafunsa ngati zingwe zathina. Iwo anati zili bwino.

Chitoliro chinalira. A Sadakichi anatulukira pa hashigakari, kamlatho kamene mizimu ya m'sewero imadzera pobwera pabwalo, akukhwekhwereza mapazi, chidendene osachoka pansi. Pamlathopo thupi linkakumbukira lokha. Koma atafika pakati ndi kutembenukira kwa anthu, kunangoti mbee. Mbee kumanja, mbee kumanzere, nsanamira yasungunuka ngati mchere m'madzi. Anasuntha phazi, anasunthanso, osadziwa ngati kutsogoloko kuli thabwa kapena mphepo. Mantha anawagwira, koma manyazi anaposa mantha.

Anamva dzanja likukoka mpendero wa chovala chawo pang'onopang'ono, ngati likungoongola pamene pakhwinyata. Anthu sanaone chachilendo, imeneyo ndiyo ntchito ya koken.

"Pomwepo basi, bambo. Tembenukirani kumanzere," Noboru ananong'ona. "Ndinadziwa kale. Musaope, ndili pambuyo panu."

A Sadakichi anamaliza kuvina. Amayi ena anapukuta misozi, akuti chaka chino mtsikana wa chigoba walira kwenikweni, pakuti nkhope inakhala yowerama nthawi yaitali. Sanadziwe kuti nkhalamba inkangofunafuna pansi.

Anthu atabalalika, a Sadakichi anamasula zingwe, anaweramira chigoba, n'kuchiika m'manja mwa Noboru kuti kuyambira tsikulo azichivala iyeyo. Noboru anachilandira ndi manja awiri. Kenako nkhalamba inabwerera yokha pabwalo, dzanja lili patsogolo, kupapasa mphepo mpaka linagunda mtengo. Moyo wonse anaiyang'ana nsanamira ija, koma anali asanaikhudzepo. Inali yofunda ndi dzuwa la masana, ili ndi ming'alu imene maso sanawauzepo. Anatsamiritsa mphumi pomwepo, madontho otsala a mvula akudontha padenga.