Ulusi wa a Tolsma

Loweruka loyamba la Okutobala, tsiku limene masukulu ndi mafakitale amatsegula zitseko kuti anthu wamba adzaone za sayansi, a Sjoerd Tolsma ankapachika chibulumwa chawo chamkuwa m'tchalitchi chachikulu cha m'tauni. Chinkalendewera pa waya wa mamita makumi awiri kuchokera kudenga, ndipo pansi ankandandalikapo mozungulira zitsekero za mabotolo a vinyo. Chibulumwacho chimapita uku ndi uku mumzere umodzi osapatuka, koma pansi pa tchalitchi pamatembenuka pang'onopang'ono pamodzi ndi dziko, mpaka chitsekero choyamba chigundidwe. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, umu ndi mmene tauniyo inkaonera ndi maso kuti dziko limazungulira.

Lamulo linali limodzi, ndipo aliyense amene anadutsa m'kalasi ya a Tolsma ankalidziwa. Chibulumwa sachikankha ndi dzanja. Amachikokera pambali, n'kuchimangirira ku nsanamira ndi ulusi, n'kudikira kuti chikhale bata, kenako ulusiwo amautentha ndi machesi. Chala chikangokhudza ulusi, chibulumwa chimayenda mozungulira ngati ng'ombe yoledzera, n'kumagwetsa zitsekero chisawawa, ndipo palibe chimene chatsimikizidwa.

Kale tchalitchi chinkadzaza. Alimi ankabwera atangomaliza kukama, fungo la khola lili m'majekete, ana atawanyamula paphewa. Abusa a nthawi imeneyo ankaima kumbuyo atapinda manja, ngati munthu amene wabwereketsa nyumba yake kwa mlendo wosamukhulupirira. Tsopano panabwera anthu ngati makumi asanu ndi atatu, ambiri a imvi, ena ndi adzukulu. Koma anabwera ndithu.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti kuyambira mwezi wa Epulo dzanja lamanja la a Tolsma linali litayamba kunjenjemera. Anangouza dokotala yekha. Mlungu wonsewo anayeserera m'khitchini, ulusi atamanga pakati pa mipando iwiri, ndipo pa maulendo khumi, kanayi anaugunda ndi chala. Anafika ku tchalitchi atatsimikiza mtima kuti ulusiwo autentha okha, monga mwa masiku onse, popanda wina kuona kanthu.

"Aphunzitsi, khofi?" anafunsa Aukje Postma, wosamalira tchalitchi, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu amene anali wophunzira wawo kalekale.

"Ndikamaliza. Zitseko zonse watseka? Mphepo sindikuifuna muno."

"Ndatseka, aphunzitsi."

"Cha kuseri kwa limba?"

"Nachonso. Munandikalipira chaka chatha, sindinaiwale."

Analankhula kwa mphindi khumi, dzanja lili m'thumba la jekete, mawu ali omwe aja amene ankatontholetsa nawo ana m'kalasi. Kenako anagwada pafupi ndi nsanamira n'kutulutsa bokosi la machesi. Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri kanayaka, koma lawi linkavina kutali ndi ulusi mpaka linawatentha chala.

"Sjoerd, fulumira," anafuula a Douwe Bakker, mnzawo wa ubwana amene ankagulitsa nyama pamsika asanapume ntchito. "Dziko silikudikira iwe, likuzungulirabe!"

Anthu anaseka. A Tolsma sanatembenuke.

"Douwe, unalephera masamu kawiri. Khala chete."

Anayatsa kachitatu. Ulendo uno anafikitsa dzanja pansi penipeni pa ulusi, ndipo anaona chala chawo chikudumpha, kutsala pang'ono kuugunda. Anabweza dzanja n'kuuzira lawi. Anadziwa kuti a kutsogolo aona. Akanatha kuyesa kachinayi, mwina zikanatheka. Koma zikanakanika, anthu makumi asanu ndi atatu akanabwerera kwawo ataona chibulumwa chikuzungulira ngati choseweretsa, ndipo adzukulu aja akanakula akuganiza kuti nkhani yonseyi ndi ya nkhalamba yokonda kusewera ndi moto.

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira nsanamira.

"Dzanja langa silikundimveranso," anatero mokweza, ngati akulengeza tsiku la mayeso. "Ntchito iyi imafuna dzanja lokhazikika. Postma, bwera kuno."

Aukje anayang'ana kumbuyo kwake ngati pali Postma wina.

"Ine, aphunzitsi? Paja munati manja anga ndi oyenera kukanda ufa basi."

"Ndinanena zimenezo uli ndi zaka khumi ndi zinayi, utaswa magalasi anga atatu. Gwada apa. Chotsa chibangiri chako, chikhudza ulusi."

Anamupatsa bokosi. Aukje anagwada, maondo akulira, n'kuyatsa machesi.

"Osati pafupi ndi mfundo. Pakati. Lawi libwere kuchokera pansi. Usapume."

"Ndifatu, aphunzitsi."

"Udzafa ukamaliza."

Ulusi unada, unafuka, n'kuduka. Chibulumwa chinanyamuka mwakachetechete, chinadutsa pakati pa bwalo la zitsekero, n'kubwerera. A Tolsma anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana waya poufanizira ndi m'mphepete mwa zenera lalitali. Mzere unali wowongoka, wosapendekera ngakhale pang'ono. Anadziwa mumtima kuti pazaka zitatu zapitazi iwo sanauwongolepo chonchi.

Anadikira onse. Mwana wina anafunsa ngati zayamba kale, agogo ake n'kumutsina. Patatha mphindi zisanu ndi imodzi, nsonga ya pansi pa chibulumwa inanyambita chitsekero cha kumanzere. Ulendo wotsatira chitsekerocho chinagwedezeka. Wachitatu chinagwa, n'kugubuduka mpaka pa nsapato ya a Douwe, ndipo anthu anaomba m'manja.

Aukje anadzuka akusisita bondo, n'kutambasula dzanja kuti abweze bokosi la machesi. A Tolsma analiyang'ana, koma manja awo anakhalabe kumbuyo.

"Lisunge pamalo pouma. Ulusi uzigula wathonje, wa nayiloni umasungunuka n'kumata. Ndipo chaka chamawa uyambe wayeserera kunyumba."

"Kodi pamenepa ndakhoza, aphunzitsi?"

"Lawi unaliyandikizitsa kwambiri," anayankha a Tolsma, n'kupita kukakhala pa benchi yachitatu, pafupi ndi a Douwe, pamalo pamene chitsekero chachiwiri chinkaoneka bwino.