Amene Anaipitsa Mpweya mu Babashopu ya A Lumo

A Lumo anali wometa tsitsi, ndipo dzinali anawapatsa ndi makasitomala chifukwa lilime lawo linali lakuthwa kuposa makina awo. Babashopu yawo inali kachipinda kamodzi: mpando wozungulira, kalilole wong'aluka pakona, benchi la odikira, ndi fani yomwe inkapukusa mutu ngati munthu wokana mlandu. Pansi pa benchilo pankagona galu wawo, Kapitawo, kuyang'anira nsapato za anthu ndi diso limodzi.

Chaka chimenecho Kapitawo anayamba kudzikanda. Ubweya unkathothoka mpaka a Lumo posesa madzulo sankadziwa kuti tsitsi la kasitomala ndi liti, ubweya wa galu ndi uti. Dokotala wa ziweto atamuyeza anati utitiri palibe, nkhupakupa palibe, mwina vuto ndi timibulu ta chakudya cha agalu tamitundumitundu tomwe ankamugulira pa golosale. Asinthe chakudya.

Motero a Lumo anavala jekete n'kupita kusitolo ya zakudya za ziweto. Anapeza matumba ataunjikana mpaka kudenga, lililonse lili ndi chithunzi cha galu womwetulira.

"Ndipatseni la galu uyu, waubweya ngati bulangeti," iwo anatero akuloza.

"Achimwene, musagule chithunzi," anayankha mayi wogulitsa. "Tembenuzani thumbalo. Chomwe chalembedwa poyamba ndicho chachuluka m'katimo."

Anatembenuza matumba limodzi. Lina linali la nkhosa ndi mpunga, lina la nkhuku ndi dzungu, lina la nsomba ndi mbatata, lopanda utoto kapena zokometsera zachilendo. A Lumo ananunkhiza pamsoko wa thumba n'kupukusa mutu.

"Ine ndafika msinkhu uno osadya bwino chonchi."

"La nsombalo lingamuthandize khungu," anatero mayiyo. "Koma mumve bwino. Musamusinthire kamodzin'kamodzi. Muyambe ndi tatsopano tochepa, mosakaniza ndi takale, muziwonjezera pang'onopang'ono. M'mimba mwa galu simukonda kudzidzimutsidwa."

A Lumo anavomera ndi mutu, koma maganizo awo anali kale pa ubweya wonyezimira. Atafika kunyumba, akazi awo anawerenga pathumba n'kunena zomwezo.

"Abambo, apa akuti muzisakaniza."

"Mayi, munthu akagula suti yatsopano savalira limodzi ndi kabudula wong'ambika."

Thumba lakale analipereka kwa a Welidala oyandikana nawo, omwe anali ndi agalu osasankha. Kapitawo anamudzazira mbale ya tatsopano tokhatokha. Galuyo anadya mosapumira, n'kunyambita mbale mpaka kuikankhira kuseri kwa chitseko.

"Mwaona? Galu amadziwa chabwino," anatero a Lumo.

Loweruka m'mawa babashopu inadzaza. Pa benchi panali a Makanika, zala zili bii ndi girisi, ndipo kumapeto, pamwamba penipeni pa Kapitawo, panakhala Aphunzitsi, bambo wopuma pa ntchito amene ankabwera atamanga tayi ngakhale pokameta ndevu zokha. A Lumo anali pakati powongola mzere wa pachipumi cha kasitomala wina pamene chinthucho chinafika. Sichinamveke phokoso. Chinangokwera mwakachetechete, fani n'kuchigawira aliyense mofanana.

Nkhani ya mpira inathera pakati. Kasitomala wapampando anakokera nsalu yometera kumphuno. A Makanika anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, maso n'kukaima pa Aphunzitsi, omwe anali atakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope.

Kachiwiri chinabwera champhamvu kuposa poyamba.

"Aphunzitsi, kodi kunyumba zonse zili bwino?" anafunsa a Makanika.

"Zili bwino. Bwanji?"

"Ayi, n'kungofunsa. Galimoto ikakalamba mavalavu sagwiranso."

Anthu anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. A Lumo akanatha kukhala chete, koma lilime linawayabwa. Anatsegula zenera, anapopera sipiriti m'mwamba, n'kunena mwaulemu wonse, "Bwana, ngati mukufuna kukapitidwa kaye mphepo panja, malo anu ndikusungirani."

Aphunzitsi anapinda nyuzipepala bwinobwino n'kuimirira.

"Ndakhala ndi ana m'kalasi moyo wanga wonse, nkhope ya wolakwa ndimaidziwa. Muno muli wolakwa, koma si ine."

Anatuluka. Kapitawo, yemwe ankawakonda chifukwa ankamukanda kukhutu, anadzuka n'kuwaperekeza, kenako anakagona pakhonde kuothera dzuwa. Mpweya wa m'chipinda unayera nthawi yomweyo.

"Mwaonatu," anatero a Makanika. "Mlandu watha."

Pofika madzulo nkhaniyo inali itayenda msewu wonse.

Kunyumba, akazi a a Lumo ankasita malaya pabalaza, amuna awo akuwafotokozera zonse uku akuseka. Mwadzidzidzi mayiwo anaimika simbi. Anayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana iwo.

"Abambo."

"Si ine, mayi."

"Nanga Aphunzitsi alowa muno liti?"

Anakweza nsalu ya patebulo. Pansipo panali Kapitawo, m'mimba mukulira ngati lole yokwera chitunda. Anagwedeza mchira kamodzi, mwaulemu. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwee. Atapuma anapukuta m'maso n'kunena, "Ndiye kuti mwanyozetsa munthu wamkulu chifukwa cha suti yanu ija."

A Lumo anaimbira foni mayi wa kusitolo uja. Iye sanadabwe. Anati chakudyacho chilibe vuto, vuto ndi liwiro. Abwerere ku chakale, asakanize monga anawauzira, ndipo galu akayamba kutsegula m'mimba kapena kufooka apite naye kwa dokotala. Choncho m'mawa mwake a Lumo anakagogoda kwa a Welidala kukapempha mphatso yawo yomwe. A Welidala anawabwezera thumba litatsala theka, n'kumwetulira mpaka mano a m'mbali.

Chovuta chinali chotsatira. Anamanga Kapitawo chingwe n'kupita kwa Aphunzitsi. Bamboyo anatsegula chitseko, ndipo maso a a Lumo anagwera pamutu pawo. Aphunzitsi anali atakametetsa kwina, ndipo wometayo anawasiyira mutu ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana malire.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa. Wolakwa uja ndi uyu."

Aphunzitsi anayang'ana galuyo, amene anali atakhala pakhonde mwaulemu ngati mlendo.

"A Lumo, dzulo munanamizira nkhalamba. Lero mukunamizira chinyama chosalankhula. Mawa mudzanamizira fani."

"Ndikunena zoona, bwana. Ndinamusinthira chakudya mothamanga. Cha nsomba ndi mbatata."

"Umboni uli kuti?"

A Lumo anayang'ana uku ndi uku. Koma Kapitawo anayasamula, anadziwongola, ndipo patapita kamphindi Aphunzitsi anatulutsa kampango m'thumba n'kutseka mphuno pang'onopang'ono.

"Umboni wamveka," iwo anatero kudzera m'kampangomo. "Khoti lakhutira. Koma munandichititsa manyazi pagulu, ndiye kupepesanso kukhale pagulu. Ndipo mukonze mutuwu."

Loweruka lotsatira a Lumo anazimitsa makina, anaima pakati pa babashopu, n'kufotokoza zonse, benchi lili lodzaza. A Makanika anavula kapu n'kupepesa za mavalavu. Aphunzitsi anamvetsera ali pampando wozungulira, maso ali pakalilole, n'kuwauza kuti abwereze mbali ina chifukwa akumbuyo sanamve. Kenako anaweramitsa mutu kuti ntchito iyambe.

Kapitawo anapitiriza kudya zosakaniza, takale tikuchepa, tatsopano tikuchuluka. Masiku oyamba ankasankha tansomba tokha n'kusiya takale m'mphepete mwa mbale, koma mayi a kunyumba anapeza nzeru yothiramo madzi ofunda pang'ono kuti timatane. M'mimba munakhala bata. Patapita milungu kudzikanda kunachepa, ndipo m'malo mothothoka muja munayamba kumera ubweya wofewa, wakuda bii. Anthu odutsa ankaima kumusisita.

Tsiku lina a Makanika anadikira mpaka makasitomala onse atatuluka. Anayang'ana galuyo kwa nthawi, kenako anavula kapu n'kusisita dazi lawo.

"A Lumo, ndifunse ngati mwamuna mnzanga," anatero motsitsa mawu. "Timibulu timeneti, kodi pathumba analemba kuti n'ta agalu okha?"