Mfundo za m'njedza

Amuna anga a Pearson anafa ndi kolera mwezi wa Febuluwale, ali kunyanja, kutali ndi chipatala. Mtima wanga sunapole, ndipo musandiuze zoti upole.

Kupatula usodzi, iwo ankatenga alendo pabwato kukawaonetsa mbalame. Anali ndi malo awo mkatikati mwa njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, kumene atsekwe amaikira mazira. Kuti asasochere ankamanga mfundo pamasamba a njedzayo, apa ndi apo. Zimenezi tinkadziwa awiri basi.

Loweruka kunabwera mphunzitsi wa ku Zomba, mayi Nafisa, choonera patali chili pakhosi.

“Ndamva kuti a Pearson amadziwa kuli zisa.”

“A Pearson ali kumanda. Ndikuperekezeni komweko?”

Anangoti zyoli. Ndinachita manyazi, ndiye ndinavomera kuwatengako.

Vuto linali wopalasa. Ine mkono unandivuta, ndiye tinatenga alamu anga a Dan. Iwowa amatchera mbalame n'kukagulitsa zootcha ku Songani. Akapeza chisa satsalitsa ngakhale dzira.

“Lero mlamu ndinu adalaivala,” anatero akuseka. “Ine ndine injini chabe.”

“Injini siyankhula. Palasani.”

Titalowa m'njedza ndinaiona mfundo yoyamba, youma, yomangidwa kawiri monga a Pearson ankamangira chilichonse, ngakhale thumba la mpunga. Ndinkafunitsitsa kukafika kuzisa kuja, ndikakhale pamene ankazimitsa fodya wawo kuti asadzidzimutse mbalame. Koma nditacheuka ndinapeza a Dan sakuyang'ana madzi, akuyang'ana maso anga.

Mfundo zinkapita kumanja.

“Kumanzere,” ndinatero.

“Mwatsimikiza, mlamu?”

“Mwagontha?”

Tinatulukira poyera, cha kumene mtsinje wa Likangala umathira. Panali akakowa, omwewa timawapirikitsa m'mpunga, ndi vuwo mmodzi wakhala ngati wadwala. Mphunzitsi uja anasangalala ngati mwana, nalemba m'kabuku mpaka tsamba kudzaza. Anandibwereka choonera chija. Kakowa anandifika pamphuno, diso lachikasu, nthenga mbuu. Zaka zonsezi ndinali ndisanamuyang'anepo, ndinkangomugenda.

Pobwerera a Dan sanasekenso.

“Achimwene sankadzera uku.”

“Ndaiwala njira. Ndakalamba.”

Sindinaiwale ayi. Koma njedza imauma, ina amaitentha, ina imamera. Pofika chaka chamawa mfundo zija sizidzakhalapo, ndipo ndikapanda kupita kukamanga zina, nanenso ndidzasochera. Ndikapita, a Dan adzanditsatira.

Sindipitako.