Wowakha Anthu Akugwa

Ntchito yanga kutchalitchi ndi kuima kumbuyo kwa anthu akamapemphereredwa, kuti ndiziwawakha akamagwa. Msana wangawu umadziwa zambiri. Wogwidwadi ndi Mzimu amagwa ngati thumba la simenti, osasamala za mutu wake. Wonamizira amayamba wacheuka kaye, kuti aone ngati ndilipo.

Panali atelala ena okalamba, okhala okhaokha kuseri kwa shopu yawo, amene ankacheuka Lamulungu lililonse. Ankandinyansa zedi. Abusa atandiuza kuti ndiziwatchulira anthu onamizira, ndinati mumtima, awa ndiye oyamba.

Tsiku limenelo atelalawo atagwera m'manja mwanga, ndinawanong'oneza mokalipa: "Bambo, Mulungu sapusitsidwa. Mumanditopetseranji?"

Sanatsegule maso. "Ndikudziwa, mwananga," anatero chapansipansi. "Koma chimwalirireni akazi anga, munthu amene amandikhudza ndiwe wekha."

Ndinawagoneka pansi pang'onopang'ono. Kolala ya malaya awo inali yosokedwa mwaluso, koma yothimbirira ndi litsiro.

Mapemphero atatha, abusa anandikokera pambali n'kundifunsa ngati Mzimu unawafikiradi atelala aja.

"Zimenezo sindikudziwa, abusa," ndinayankha. "Koma lero andilemera m'manja kuposa onse."