Mutu Womaliza Unadyedwa ndi Chiswe

Venansio wa ku Ndirande ankadyera maliro. Musamuganizire zoipa, ntchito yake inali kusindikiza mapulogalamu a zovuta m'kashopu kake kuseri kwa msika. Koma mtima wake unali pa mabuku.

Tsiku lina anapeza buku lakale pamulu wa mapepala okulungira tchipisi. Inali nkhani ya mayi wa ku Chigwa cha Shire amene ankasanduka ng'ona n'kumagubuduza mabwato a ogula akapolo. Analemba anali a Dominiko Semba. Venansio analumbira kuti alisindikizanso, ngakhale mutu womaliza unali utadyedwa ndi chiswe.

Anafunsa ku Bangwe, anafunsa ku Zingwangwa, koma palibe ankawadziwa a Semba. Ndiye kuti anatisiya, iye anagamula choncho. Mutu wosowawo anaulemba yekha mwakachetechete, milungu itatu thukuta lili kamukamu. Pachikuto, dzanja lozolowera linachita zake: mtanda, nkhunda ziwiri, ndi mawu akuti "Malemu Dominiko Semba, usani mumtendere."

Bukulo analikhazikitsa mu holo ya tchalitchi ku Chilomoni. Anthu amene anali ataliwerenga kale ankangotama mutu womalizawo, Venansio mtima uli dyokodyoko. Ali mkati molankhula, pakhomo panalowa mkulu wina wa jekete yothina ndi ndodo.

"Pepani ndachedwa pamaliro anga," anatero mkuluyo. "Maminibasi a ku Machinjiri mukuwadziwa. Ndine Semba."

Venansio anachita mantha. Kupha munthu wamoyo n'kumulemberanso buku, Ndirande yonse ikanamuseka mpaka kumanda.

A Semba anatenga buku limodzi, anavala magalasi, n'kutsegula kumapeto kwenikweniko. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, pamene mayi uja akukana kubwerera ku umunthu chifukwa akapolo ena anali asanawoloke. Amayi a kwaya anapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Venansio anangoti zyolii, kudikira chigamulo.

"Apa pokha," a Semba anatero akuvula magalasi, "ndinalemba ndili m'manja mwa Mulungu. Mitu inayi ndi masewera chabe."

Holo yonse inawomba m'manja. Anthu anafola kuti mkuluyo awasainire, ndipo aliyense ankafuna asainidwe pa mutu womalizawo.

Anthu atachepa, a Semba anamukodola Venansio.

"Achimwene, m'buku langa ng'onayo inafa ndi chimfine, ndinali nditatopa nayo. Yanuyi ndi yabwino zedi."

"Ndiye tiwauze anthu, bambo?" Venansio anafunsa, kachiyembekezo koti nayenso atamandidwa katamugwira.

"Tiwauze chiyani? Inu munandipha, ine ndatenga mutu wanu. Tafanana."

A Semba anapanira buku m'khwapa nanyamuka. Mpaka lero Venansio akamva anthu akutama mathero a buku la a Semba, amangovomera kuti mkuluyo analidi ndi luso, kenako n'kubwerera ku mapulogalamu ake.