Jombo mu Wilibala

Che Faruk anaimika galimoto ya ofesi pakhomo pathu penipeni ku Matawale, naliza hutala ngati abwera kudzatenga mkwatibwi. Ine ndinali pakhonde, pantchito yanga ya masiku amenewo, yoonerera nkhuku za eni zikupalasa dimba la mayi anga.

"Salaam aleikum, Dokotala Habibu!"

Anayamba kunditcha Dokotala tsiku lomwe ndinalowa koleji ya zaulimi. Nditasiya sukulu panjira kuti ndizidwazika mayi, dzinalo sanandilande. Ankati digiri yochoka pakamwa pawo sifufutika.

Che Faruk ndi dalaivala wa nthambi ya zaulangizi ya kuyunivesite. Mayi anga, a Mwanamvua, anagwira ntchito kumeneko chibadwire changa, monga mlangizi wa alimi a sitiroberi pamwamba pa phiri. Kunthambiko, Lolemba lililonse pa nthawi ya tiyi, Che Faruk amakwera pampando, kugwira supuni ngati maikolofoni, n'kuulutsa nkhani za antchito: wakwezedwa ndani, wabereka ndani, wapita kumaphunziro ndani, wamaliza shuga ndani. Tsikulo nkhanizo anandibweretsera kunyumba, atagwira kiyi wa galimoto pakamwa.

"Nazi nkhani. A Zakia akwezedwa. Tsopano ndi mlangizi wa kuphiri."

"Pamalo pa mayi," ndinatero.

"Pamalo pa achemwali anga, inde. Nkhani yachiwiri. Malo akale a a Zakia, a wothandizira mlangizi, akufuna munthu, ndipo munthuyo adzaloledwa kumaliza maphunziro ake uku akugwira ntchito. Mafunso Lachisanu, aliyense ndi wololedwa, ngakhale olisha nkhuku za aneba. Nkhani yachitatu. Zonsezi zaima chifukwa cha jombo."

Sindinafunse kuti jombo zake ziti. Ndinkazidziwa.

Kunthambiko kuli mwambo umene sunalembedwe paliponse. Munthu akalembedwa ntchito amalowa atakwezedwa pa wilibala kuchokera pageti mpaka pakhomo la ofesi. Akamachoka, kaya wapuma, kaya wapeza pena ponona, amatuluka pa wilibala yomweyo, ndipo pageti amamukhuthulira pa kapinga anthu akuomba m'manja. Amene sanatuluke pa wilibala ndiye kuti sanachoke.

Mayi anatisiya m'bandakucha, ndipo monga mwa chipembedzo chathu tinawaika tsiku lomwelo. Anzawo a kuntchito anali kuphiri kopanda netiweki. Anafika anthu akusamba m'manja. Choncho kumanda mayi anagona, kumzikiti tinawapempherera, koma kunthambi anali akadali pantchito. Jombo zawo za mphira zinali pansi pa tebulo lawo, matope a kuphiri ataumira pomwepo.

"A Zakia akukana kukhala patebulo la munthu amene sanatuluke," anatero Che Faruk. "Ndipo akapanda kusamuka sabata ino, akuluakulu akuti ndiye kuti malo a wothandizira sali opanda munthu, mwayiwo aupereka kunthambi ina. Akutero Mayi Rosebell, abwana athu."

"Nanga bwanji osazikankha nokha? Manja mulibe?"

"Wokankha amasankhidwa ndi mwini wake. Ukudziwa amene anasankha."

Ndinkadziwa. Mayi ankanena pa tiyi, pamsika, ngakhale mu minibasi kwa anthu osawadziwa, kuti, "Ine adzanditulutsa Habibu wanga, atavala gauni." Ankatambasula manja kusonyeza kukula kwa gauniyo, ngati ndidzavala tenti.

"Che Faruk, gauni ili kuti?" ndinafunsa. "Ndiye kuti ndipeze ntchito ndiyambe ndachotsa mayi anga ntchito?"

"Ukawapumitsa, mphwanga. Munthu wagwira chaka chathunthu osalandira, osapita ku holide, osadandaula. Ukufuna abungwe la antchito atimange?"

Ndinaseka mosafuna, kenako ndinakwiya kuti ndaseka. Ndinawauza kuti sindibwera. Iwo anati chabwino, abwera kudzanditenga Lachitatu m'mawa kuti ndikawauze a Zakia ndekha kuti sindibwera.

Lachitatu ndinavala malaya oyera kuti kukana kwanga kuoneke kwaulemu.

Ofesi ya nthambi ili kuseri kwa munda wachitsanzo, ndipo njira yake imatsetsereka pang'ono kupita kugeti. Ndinali ndisanapondeko chimwalirire mayi. Fungo lake linali lomwe lija, la mbewu zosungidwa m'matumba ndi tiyi wopsa kale. A Zakia ndinawapeza atakhala pa benchi pakhonde, kompyuta ili pamiyendo, mafailo ataunjika pansi ndi mwala pamwamba kuti asauluke.

"Mlangizi wamkulu wa kuphiri, ofesi yake ndi iyi," anatero akuloza benchi. "Msana wanga watha, achimwene. Takulandirani."

Kenako anatulutsa chinthu chakuda m'jumbo. Inali gauni yawo ya tsiku lomaliza maphunziro, yosita bwino.

"Ndabwereka kwa ine mwini. Valani. Ndani adziwe?"

"Mayi adziwa," ndinatero. "Ankadziwa ndikathira madzi mu mkaka. Gauni ya eni angalephere?"

A Zakia anaipinda n'kuibweza m'jumbo. Ndinayang'ana pakhomo lotsegula, ndipo ndinaziona jombo zija. Zinali zitaima moyandikana pansi pa tebulo, yakumanzere itapendekeka pang'ono, monga mayi ankaimira akamamvetsera munthu amene akunama. Mawu onse okana amene ndinakonza m'galimoto anasungunuka. Ndinalowa, n'kugwada, n'kuzinyamula ndi manja awiri.

Potuluka ndinapeza khonde ladzaza. Che Faruk, amene ankati akungonditengera kudzakana, anali atatsitsa kale alimi kuphiri kusanache bwino. Amayi atavala majuzi awiriawiri ngati abweretsa kuzizira kwawo, madengu a sitiroberi pamutu. Mayi Rosebell anatuluka muofesi mwawo magalasi ali pamphuno. Wilibala inali pamasitepe, yobiriwira kale, tsopano ya mtundu wa dzimbiri, itamangidwa maluwa a bugenivila kumapazi.

Ndinaika jombo mkati, n'kugwira zogwirira, n'kunyamula. Wilibala inadzuka ngati pepala. Ndinali nditakonzekera zambiri, koma kupepuka kumeneko ayi. M'masabata otsiriza mayi ndinkawanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, ndipo tsiku lililonse ankapepukirapepukira. Manja anga anakumbuka ine ndisanakumbuke. Ndinaitsitsa pansi.

"Sindingathe," ndinatero.

Kenako mayi wina wamfupi, wa mpango wofiira, anatula dengu lake. Anali Mayi Maria, wapampando wa kalabu ya alimi, amene ankakangana ndi mayi anga chaka ndi chaka za katalikiridwe ka mizere.

"Mwanayu akunena zoona," anatero. "Amenewo si a Mwanamvua. Mukuwanyoza. A Mwanamvua akakwera galimoto ya Che Faruk, kumbuyo kunkakhala pansi."

"Matayala ndinkapopa kawiri!" anavomereza Che Faruk.

"Akaponda pamzere wako, mzere unkasanduka ngalande. Bweretsani thumba lija."

Anyamata awiri a kumunda wachitsanzo anakoka thumba la manyowa, naliika mu wilibala, jombo n'kuzikhazika pamwamba.

"Tanyamulani, bambo."

Ndinanyamula. "Akadali opepuka," ndinatero, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga.

"Ameneyo ndi wa nthawi ya Ramadani," anatero a Zakia. "Onjezani wa pa Idi."

Anaonjeza thumba lina. Mayi Maria anaikapo dengu la mbande za sitiroberi, wina anaponyamo khasu. Mayi Rosebell, amene sindinawaonepo akuseka, analowa muofesi n'kubwera ndi ketulo ya tiyi.

"Iyi inali yawo kuposa ya yunivesite," anatero, naiika pakati pa jombo.

Nditanyamula kachitatu, mapewa analira. Tayala linaphwa pang'ono n'kuyamba kulira kwii, kwii.

"Eyaa!" anafuula Mayi Maria. "Afika!"

Tinauyamba ulendo. Che Faruk anali patsogolo ndi supuni yawo, akuyenda chambuyo. "Kuno ku likulu la zaulangizi, Mayi Mwanamvua akupuma pantchito lero. Atolankhani athu akuti dalaivala wawo alibe laisensi, alibe gauni, koma mabuleki ali nawo. Tikukhulupirira."

Amayi anayambitsa nyimbo ya kumunda, ena akuimba Chiyao, ena akungoomba m'manja. Ine ndinkayang'ana jombo zikugwedezeka pamwamba pa matumba, ngati munthu akuvina atakhala pansi. Pansi pa phokosolo ndinalankhula nazo.

"Gauni yachedwa, mayi. Musandiyang'ane choncho. Munadwala ndinu, osati ine."

Yakumanzere inapendekeka.

"Chabwino. Ndikanatha kubwerera chaka chino. Sindinafune. Ndimaopa kuti ndikavala, ndidzayang'ana m'gulu la makolo."

Tayala linati kwii, kwii. Mayi akamakana zifukwa zanga ankachitanso chimodzimodzi ndi mano.

Titadutsa munda wachitsanzo njira inayamba kutsetsereka, ndipo ndinazindikira kuti sindikukankhanso. Mayi ndiwo ankandikoka. Ndinayenda mofulumira, kenako ndinathamanga. Che Faruk anataya supuni n'kudumphira m'mizere ya kabichi. Ketulo inkalira ngati belu la sukulu. Mlonda anatsegula geti lonse n'kubisala kuseri kwake.

"Khuthulani! Khuthulani pa kapinga!" anakuwa a Zakia.

Sindinakhuthule ine. Tayala linagunda mwala wa pageti, wilibala inagwada, ndipo thumba la pa Idi linaphulika. Ndinapezeka nditaima m'manyowa mpaka m'akakolo, nsapato zanga za kumzikiti zitamira, malaya oyera aja ali ngati a wogwira ntchito m'khola. Jombo zinagwera pa kapinga, ina apa ina apo. Ketulo inagubuduka mpaka kumsewu.

Anthu anafika akupuma wefuwefu, naomba m'manja monga mwa mwambo. Ine ndinakhala pansi pomwepo. Ndinkaseka, ndipo pena pake kusekako kunatembenuka, koma palibe anandiletsa. Mayi Maria anandiika dzanja pamutu ngati akuyesa dzungu.

"Atuluka bwino," anatero. "Mwaphokoso, monga analowera."

Nsapato zanga zinali zosavalika. Che Faruk anatola jombo, nazigogoda kuti atulutse akangaude, nandipatsa. Mayi anali ndi phazi lalikulu, ankagula za amuna kusitolo ya a Dawood. Zinandikwana, kungotsala kampata kakang'ono kuchala.

"Wilibala sibwerera yopanda kanthu!" analengeza Che Faruk. "Dokotala, kwerani!"

"Ayi," anatero Mayi Rosebell, akupukuta magalasi. "Wilibala ndi ya olembedwa ntchito. Awa ntchito sanafunsire n'komwe. Lachisanu kubwera ena, ndipo ena mwa iwo anamaliza sukulu. Mwana wanga, mukafuna, kalata yanu ifike mawa. Pamafunso sindidzakudziwani."

Ndinaibweza ndekha wilibala yopanda kanthu, kukwera chitunda, jombo zikulira fwa, fwa. Nditafika pakhonde ndinapeza a Zakia atakhala kale patebulo, atatambasula miyendo pansi pake, maso ali otseka.

Mafunso anachitikira kuphiri, m'munda mwa Mayi Maria, nkhungu ili m'mapaini. Mayi Rosebell sanandidziwedi. Anandifunsa dzina. Funso la mankhwala a nsabwe za m'masamba ndinalephera, ndipo ndinanena kuti sindikudziwa. Mayi Maria anandifunsa za katalikiridwe ka mizere, ndinayankha monga mayi ankanenera, iwo n'kunena kuti ndi bodza lomwe lija la m'banja mwathu. Ndinatsika phiri osadziwa ngati ndapambana. Panjira ndinagula sitiroberi kwa mwana wa alimi omwewo, pamtengo wa azungu.

Lolemba m'mawa hutala inalira pakhomo. Ndinakwera, ndipo Che Faruk anayendetsa mpaka pageti la nthambi, pamene anaimika galimoto n'kutulutsa supuni m'thumba la malaya.

"Nazi nkhani. A Zakia msana wachira. Ketulo yapindika koma ikugwira ntchito. Nkhani yomaliza. Nthambi yalemba wothandizira mlangizi watsopano, amene adzabwerera kusukulu chaka chikayamba. Atolankhani athu akuti anapambana movutikira."

Wilibala inali pa kapinga, yotsukidwa pang'ono chabe. Ndinakhalamo, mawondo kuchibwano, jombo zili lende kutsogolo. Che Faruk analavulira m'manja, nanyamula, naima.

"Iii, Dokotala, kodi mumadya? Mwapepuka ngati nkhuku ya chitopa. Tiikemo thumba?"

"Kankhani, Che Faruk," ndinatero. "Ndikanenepera konko."

Tayala linayamba kulira, chitunda chonse mpaka pakhomo.